Madzi Amene Damião Anasunga

Odete anabwerera kwawo ku Kalongwe, mudzi wa m'dera la Chiputo, m'chilimwe cha 1994, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika pa kamyao, lole ya anthu obwerera, atasenza mtolo, ndowa ili m'manja, kumbuyo atabereka mwana wamkazi wa zaka zitatu, dzina lake Lina. Anali atakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'kampu ya othawa nkhondo ku Zambia, ndipo akanatha kubwera kale ndi magulu oyamba. Chinamuchedwetsa ndi mbiri imene inamupeza kukampuko, yoti mwamuna wake woyamba, Damião, ali moyo.

Tsiku limene asilikali analowa m'mudzimo, Damião anali kudimba. Anamugwira komweko n'kumusenzetsa katundu. Odete anathawa ndi mwana wawo Mateus, wa zaka zinayi. Mwanayo sanakafike kukampu. Anafa ndi matenda otsekula m'mimba pamalire, pamene othawa anayamba aunjikana, onse akumwa pathamanda limodzi. Patapita miyezi, munthu wina wopulumuka m'manja mwa asilikali aja anafika n'kunena kuti anamuona Damião atagwa panjira, osadzukanso. Odete analira maliro achiwiri, anameta. Pambuyo pake anakwatiwa ndi bambo wina wa ku Zumbo, Eusébio, atate ake a Lina. Nayenso anamwalira ndi chifuwa Lina asanayambe kuyenda.

Mkulu wake wa Odete, Carlota, amene anabwerera chaka chapitacho, anamulandira ndi nthungululu n'kumutula mtolo.

"Alipo," anatero Carlota asanafunsidwe n'komwe za Damião. "Amagona m'kachipinda ka kuseri kwa kapela, katchalitchi kathu kaja. Nkhondo itatha sanapite kwawo ayi, anabwera konkuno kuchikamwini, n'kupeza phulusa lokhalokha. Za Mateus ndinawauza ndine. Za mwanayunso akudziwa."

"Anati chiyani, mana?"

"Anangofunsa dzina lake, basi."

Damião anabwera madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Anaomba m'manja ali chapatali, n'kukhala pachitsa. Anali atawonda, imvi zitayamba, ndipo munthu akamalankhula ankatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lakumanja, poti lakumanzere linafa ndi kulira kwa mfuti.

"Mwayenda bwanji, amake Mateus?"

Dzina limeneli Odete anali asanalimve kwa zaka zambiri. Kukampu ankamutchula amake Lina. Anayankha maso ali pansi kuti ayenda bwino, kaya iwo. Anakamba za msewu, za mlatho wogumuka, za kutentha. Lina anabisala kumbuyo kwa amake, akusuzumira ndi diso limodzi. Potsanzika, Damião anapisa m'thumba, anatulutsa masau ouma okulunga m'tsamba n'kuwaika pamkeka.

"Ndi a mwana," anatero, n'kunyamuka.

Masiku otsatira zinali chomwecho. Odete ankagona kwa Carlota, m'kanyumba kofolera ndi lona. Akakumana ndi Damião panjira, ankapatsana moni waulemu ngati apongozi, aliyense n'kupitiriza ulendo wake.

Vuto lalikulu m'mudzimo linali madzi. Kamtsinje ka Nyansato kanali kataphwa, ndipo amayi ankafukula mchenga mpaka m'chiuno kuti apeze timadzi tofiira totunga ndi chikho. Anthu ankangochulukirabe ndi kamyao iliyonse yobwera. Maso a onse anali pa sisiterna ya kukapela, dzenje lalikulu lomangidwa ndi simenti pansi pa nthaka, limene a padiri anakumbitsa kalekale kuti lizisunga madzi a mvula otsika padenga.

Damião atatuluka m'tchire anaipeza sisiternayo ili pululu, mkati muli masamba, makala ndi mafupa a mbuzi. Anaikokolola yekha, ndowa ndi ndowa. Ming'alu anaimata ndi simenti imene anamupatsa amisiri okonza postu, kachipatala ka ku Chiputo, atawathandiza kusenza mchenga. Malata amene anapulumuka pamoto anawakhomanso mbali imodzi ya kapela, ena anawapinda kukhala ngalande zotsogolera madzi m'dzenjemo. Mvula ya dzinja lotsatira inaidzaza. Iye anatseka chivundikiro chachitsulo, anasanjikapo miyala, ndipo chilimwe chonse ankamwa a mumchenga monga wina aliyense. Womufunsa ankamuyankha kuti madziwo ndi a obwerera, adzatsegulidwa zikadzathina.

"Amati a obwerera," Carlota anauza mng'ono wake tsiku lina akusinja, "koma wobwerera wakeyo tonse tikumudziwa."

Odete anangopitiriza kusinja.

Lamulungu lina mapemphero atatha, katekista wa pakapelapo, a Jossias, analengeza kuti tsopano zathina, sisiterna itsegulidwa m'mawa mwake.

Kutacha, amayi anandanda ndi ndowa, mitsuko ndi zigubu. Ana anabwera ndi makopo. Damião anali atavala malaya ake abwino okhawo. Anachotsa miyala ija, a Jossias anapemphera, kenako amuna awiri anakankha chivundikiro. M'dzenjemo munatuluka kamphepo kozizira, anthu n'kuomba m'manja.

Odete anali chakutsogolo kwa mzere, ndipo m'kamphepomo anamvamo kena kake. Kanali kafungo kochepa kwambiri, ngati ka chikopa chonyowa. Kukampu kuja iye analowa m'gulu la amayi oyang'anira zitsime, ndipo azaumoyo anawaphunzitsa kuti madzi osungidwa samwedwa munthu asanawaone, asanawanunkhize, ndiponso asanazungulire malo ake. Ntchitoyo anaigwira zaka zonsezo, ndipo mphuno yake inali isanamunamizepo.

Anaima chilili. Akanakhala madzi a munthu wina, bwenzi atalankhula pomwepo. Koma awa anali a Damião, amene anali chiimire pambali pa dzenje, nkhope ili ngwee, akuyang'ana anthu onse kupatula iye. Ndiye iyeyo, mkazi amene anametera mwamuna wamoyo n'kukwatiwa kwina, akhale woyamba kuwanyoza madziwo pamaso pa mudzi wonse? Ndowa yoyamba inali itatsika kale pachingwe. Itatuluka, ana anaithamangira ndi makopo awo, Lina ali pakati pawo ndi kachikho.

"Dikirani!" anatero Odete. "Pepani, dikirani kaye. Ana asamwe."

Anthu anatembenuka. Iye anapinda mawondo pamaso pa a Jossias. "Abambo, ndikupempha ndiwaone kaye madziwa. Ndi ntchito imene ndinkagwira kuja."

A Jossias anayang'ana Damião. Damião anatchera khutu lake labwino, wina anamubwerezera mawuwo, ndipo kuwala kuja kunachoka pankhope pake. Komabe anagwedeza mutu kuvomera.

Carlota anathamangira kunyumba kukatenga garafa, botolo lagalasi, ndi kalilole wa mng'ono wakeyo. Odete anatsuka garafayo, anathiramo madzi a m'ndowa, n'kuikweza kudzuwa. Madziwo anali oyera ndithu, oyera kuposa alionse amene anthuwo anaona chiyambire chilimwe.

"Si awo ali mbee!" wina anafuula kumbuyo.

Odete anaipendeketsa garafayo pang'onopang'ono, ndipo mkatimo munkayandama tinthu tating'ono ngati ubweya. Anaitseka kukamwa ndi chikhatho, anaikhutchumula, n'kununkhiza. Kafungo kaja kanalimo. Kenako anagona chafufumimba m'mphepete mwa dzenje, anatchera kalilole kudzuwa, n'kuponya kuwala pansi.

Mkatimo munaoneka bwino. Madzi anali ambiri, atadekha, makoma ali see mmene Damião anamatira. Pakhoma panali zitsulo zopondapo potsika, ndipo pa chimodzi, chapafupi ndi madzi, panakhala chule akuphethira.

"Muli chule wamoyo," anatero.

Anthu anaseka, ena anapumira m'mwamba. Kunali mphekesera yoti asilikali ankathira chiphe m'zitsime pochoka, ndipo ena ankaopa mwakachetechete kuti chiphecho chinalowerera m'simenti.

"Momwe mukukhala chule, chiphe mulibe," anatero a Jossias.

Odete anayendetsa kuwalako khoma ndi khoma. Pakona yakutali, pamene ndowa sikanafika, panayandama kanthu kotuwa, kotupa, mchira utatambasuka pamadzi. Anamukodola Damião. Iye anagwada pambali pake, mapewa awo atatsala pang'ono kugundana, n'kusuzumira.

"Gologolo," anatero Damião motsitsa mawu. "Walowera pati? Ine ndinatseka ponse."

Anadzuka onse awiri n'kuyamba kuzungulira. Chakumunsi, m'maudzu ouma, munali paipi yotulutsira madzi sisiterna ikasefukira. Damião anali ataimanga kukamwa ndi kasefa kawaya, koma dzimbiri linadya wayayo, ndipo pakati panali chibowo choti nkhonya ya mwana n'kulowa. Pafumbi panali timapazi.

"Ludzu," anatero Odete. "Nakonso kankafuna madzi."

Damião anagwira wayayo, inangofumbutuka m'zala. Anakhala chigwadire, akuyang'ana dzimbiri m'dzanja lake.

Atabwerera pagulu, Odete anafotokoza kuti madziwo sangamwedwe mmene alilimu. Wamkulu mwina angapirire, koma mwana angatsekule m'mimba. Panabuka phokoso. Ena ankati iwo anamwa zoipa kuposa zimenezi ali m'tchire, ndipo si awa ali moyo. Ena ankati anthu a ku Zambia abwera ndi matama. Mayi wina wapakamwa, osabisa n'komwe mawu, anati, "Wabwera ndi mwana wa eni kumsana, lero akununkhiza madzi a mwamuna amene anamutaya."

Carlota anatula mtsuko kuti amuyankhe, koma Damião anayamba ndiye. Mawu amenewo anali atagwera kukhutu lake labwino.

"Mwana wa eni palibe pano," anatero osakweza mawu. "Ndipo amake Mateus akati madzi sali bwino, ndiye kuti sali bwino. Iwo anaona zimene madzi oipa amachita. Ine kunalibe. Tayani a m'ndowamo, mundibwereke chingwe."

Odete sanalole kuti atsike mwamsangamsanga. Anapempha kandulo ya kukapela, anaiyatsa, anaiika m'chitini n'kuitsitsa pachingwe mpaka pafupi ndi madzi. Dzenje lotsekedwa nthawi yaitali limatha kusunga mpweya wokomola munthu, ndipo umayamba kuzima ndi moto. Lawi linagwedera, koma linayakabe. Anamuuza Damião kuti asambe mapazi ndi manja ndi sabao, ndiponso kuti asaponde m'madzi, akaime pachitsulo chomaliza chouma. Anamangirira nsengwa kunsonga ya nsungwi yaitali. Amuna atatu anagwira chingwe chimene anamumanga m'chiuno, iye n'kuyamba kutsika, Odete atagonanso chafufumimba ndi kalilole kuti amuunikire.

"Mukukaona?" anafunsa.

"Ndikuona mdima wokhawokha. Bweretsani dzuwalo kuno." Mawu a Damião ankamveka ngati a munthu wolankhulira m'mbiya.

"Kumanzere kwanu."

"Mwati?"

"Kumanzere! Kumene kuli khutu lakufalo!"

Amuna ogwira chingwe anaphulika nako kuseka, ndipo pansipo panamvekanso kuseka, koyamba kumene Odete anamva kwa Damião chibwerereni.

Nsengwa inafika pakona, inaphonya, inabwereranso, n'kumuwola gologolo uja. Damião anakweza nsungwi m'mwamba, a Jossias anailandira atatsina mphuno. Anatsitsanso nsengwa ina yoyera kuti atulutse chule, poti Odete anati mankhwala akadzathiridwa sangapulumuke. Ndiye pamene Damião ankati azikwera, chitsulo chimene anapondapo chinathyoka. Panamveka phwa, chingwe chinakoka amuna aja mpaka mmodzi anagwa chogwada.

"Damião!" Odete anakuwa, dzina lokhalokha, mmene ankamuitanira asanabereke. Dzanja anali atalilowetsa kale m'dzenje mpaka paphewa.

"Ndilipo," mawu anayankha pansipo. "Ndikulendewera ngati mphonda, koma m'madzi mwanumu sindinapondemo."

Anamukoka. Anatuluka chigongono chitasupuka, akupuma wefuwefu. Odete anang'amba kansalu kumpendero wa kapulana yake, chitenje chimene anavala, n'kumumanga.

Madziwo sakanawataya, poti ena kunalibe. Anagwirizana kuti tsikulo aliyense atunge ochepa, awasefe pansalu yoyera n'kukawiritsa mpaka abwadamuke, ndipo wina apite ku postu ya zaumoyo ku Chiputo kukapempha mankhwala othira m'madzi. Damião anati apita ndiye. Odete anati nayenso apita, popeza ankadziwa choti akapemphe. Carlota anati atsala ndi Lina, koma kutacha mwanayo anakakamira kapulana ya amake, akulira, mpaka anamutenga.

Ananyamuka kusanatenthe. Njira inali yaitali, ndipo ankayenda mondondozana pakati penipeni, popondedwa kale, chifukwa m'mbali munali musanachotsedwe mabomba okwirira. Damião anali patsogolo. Dzuwa litakwera, anazindikira kuti mapazi a kumbuyo kwake akutsalira, ndipo anaima pamthunzi wa bwemba.

"Ndipatseni ndimunyamuleko."

"Sazolowera anthu msanga."

"Tiyese."

Odete anamutsitsa mwanayo. Damião ananjuta, n'kutambasula manja osamuyandikira. Lina anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana nsalu ya pachigongono n'kuikhudza ndi chala.

"Pakupweteka?"

"Pang'ono. Ukakwera paphewapa pasiya."

Mwanayo anakwera, n'kumugwira makutu onse awiri. Anayenda choncho kanthawi, kukungomveka nyenje. Ndiye Damião anafunsa, osatembenuka.

"Anavutika nthawi yaitali?"

Odete anadziwa amene ankanenedwa. Anasendera kumbali ya khutu lakumanja mmene njira inalolera. "Ayi. Zinamuyamba m'mawa, mawa lake n'kuti atapita. Ana ambiri anapita nthawi imeneyo."

"Analankhulapo?"

"Ankapempha madzi. Ndiponso ankandifunsa ngati atate atsekera mbuzi."

Damião anaima. Anaima pomwepo pakati pa njira, manja atagwira timiyendo ta Lina, misozi ikutsika osaipukuta. Lina anawerama kuti amuone kumaso, kenako anayamba kumusisita pamutu mmene amake ankachitira naye akalira.

"Anali ndi kambuzi kake," anatero Damião patapita nthawi. "Koyera, mapazi akuda."

"Sapatu," anatero Odete. "Ankakatcha Sapatu."

"Eya, Sapatu. Kakuba kaja. Kankalowa m'nyumba kudya ufa."

Anaseka onse awiri, kuseka kosakanikirana ndi kulira, n'kuyambanso kuyenda. Atadutsa kakhwawa kouma, Odete anati, "Anandiuza kuti munagwa panjira."

"Ndinagwadi. Amene anakuuzaniyo sananame. Nawonso asilikaliwo anayesa kuti ndafa, n'chifukwa chake anandisiya. Anandidzutsa ndi anthu ena obisala m'mapiri." Anakonza mwana paphewa. "Bambo ake a uyu anakusungani bwino?"

"Anandisunga bwino. Anali munthu wofatsa."

"Ndiye ine ndilibe nawo mawu. Mulungu awalandire."

Ku postu anapeza enfermeru, namwino wachinyamata, a Raul, atakhala m'chipinda chonunkha penti, chitseko chili chatsopano. Odete anafotokoza zonse: kafungo, ubweya wa m'garafa, gologolo, paipi yoboweka. A Raul anafunsa kukula kwa sisiternayo ndi pamene madzi alekeza. Damião anaimirira n'kuonetsa ndi mikono m'litali ndi m'lifupi, kuya kwake n'kuyerekeza ndi khoma la postuyo. Enfermeruyo anawerengera, kenako anawathirira javeli m'garafa, mankhwala a fungo loluma m'mphuno ophera tizilombo ta m'madzi. Anati akasungunule gawo lalikulu m'ndowa, athire, atakase ndi nsungwi, atseke, adikire kufikira m'mawa mwake. Kukacha madziwo akakhala ndi kafungo ka mankhwala pang'ono, ndiye kuti agwira ntchito. Akapanda fungo lililonse, athire otsalawo n'kudikiranso. Anawonjezera kuti mvula isanagwe adzakhuthule zotsalira pansi n'kukwecha makoma. Potuluka, anawaitananso n'kuwapatsa chidutswa cha sefa yawaya chimene chinatsala pokonza mazenera.

Anafika ku Kalongwe dzuwa litapendeka, Lina ali m'tulo pamsana pa Damião, atamubereka ndi kapulana ya amake. Amayi a panjira anaona, koma anangopereka moni. Asanapume n'komwe, awiriwo anapita kukapela. Odete anasungunula mankhwala n'kuthira, Damião anatakasa ndi nsungwi mbali zonse, kenako anakamanga sefa yatsopano kupaipi kuja n'kuitchinga ndi miyala kuti mbuzi zisaikande. Chule uja a Jossias anali atakamusiya kale kumchenga wonyowa wa ku Nyansato.

M'mawa mwake mzere unandandanso, koma mopanda phokoso. Chivundikiro chitakankhidwa, Odete anayamba wanunkhiza mpweya wotuluka. Anaunika ndi kalilole khoma ndi khoma, kona ndi kona. Pamadzi panalibe kanthu. Anatsitsa ndowa yotsukidwa, anasefa madziwo pansalu, anadzaza garafa n'kuikweza kudzuwa. Anaipendeketsa uku ndi uku, anaikhutchumula, ananunkhiza. Fungo la chikopa lija kunalibe, m'malo mwake munali kafungo ka javeli, kochepa koma komveka. Anathira m'kopo, anamwa pang'ono, anawasunga m'kamwa kanthawi maso atatsinzina, n'kumeza.

"Ali bwino," anatero. "Koma a makanda muziwiritsabe. Ndipo ndowa yotungira ikhale imodzi yomweyi, isamatulidwe pansi."

Nthungululu zinalira. Iye anadzazanso kopoyo, anapita pamene panaima Damião, anagwada n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Imwani, bambo a Mateus. Mwawasunga nthawi yaitali osalawa."

Damião anamwa theka, pang'onopang'ono. Kenako ananjuta, n'kumugwirira Lina kopoyo kukamwa. Mwanayo anamwa, anakwinya nkhope, n'kunena kuti akununkha kuchipatala. Anthu anaseka, ndipo Carlota anayamba kukankha mzere kuti anthu atunge dzuwa lisanakwere.

Madziwo anawafikitsa kumvula. Atatsala a m'mawondo, Damião ndi amuna ena analowamo kukhuthula ndi kukwecha, ndipo zitsulo zodyeka ndi dzimbiri anazichotsa n'kupanga makwerero amtengo otsitsa pofunika pokha. Odete ndiye ankaona madziwo nthawi ndi nthawi, ndipo anaphunzitsa amayi ena awiri, mmodzi mwa iwo mayi wapakamwa uja, amene anapezeka kuti ali ndi mphuno yakuthwa kuposa onse.

Pa nthawi yomweyo Damião anayamba kudula mitengo ndi kumweta udzu, akuunjika pabwinja la nyumba yawo yakale. Sanafunse munthu, ndipo Odete sanamuletse. Tsiku lina anangopezeka akumuthandiza kuponda dothi lomatira. Amalume ake a Odete anaitanitsa ankhoswe, koma bwalo lake silinatalike. Iwo anati ukwati umenewu palibe anausudzula, inausokoneza ndi nkhondo, ndipo nkhondoyo yatha. Anafunsa Odete ngati akufuna, iye anati akufuna. Anafunsa za mwana, Damião anati mwanayo ali kale ndi pogona m'nyumbamo.

Panali chinthu chimodzi chimene Damião anapempha, ndipo anachita atakolola. Anayenda ulendo wa kumalire, atatu onse, atanyamula khasu ndi kamba wa panjira. Malo amene othawa anaunjikana kale aja anali atamera tchire, thamanda lija litakwiririka. Odete anasokonezeka kanthawi, kenako anazindikira mtengo wa mkuyu, ndipo chakum'mawa kwake anapeza miyala yoyera imene anandandika yekha pamanda a Mateus. Panali timitumbira tambiri, tina titafafanizika.

Damião anavula chipewa, anagwada, anaika dzanja padothipo n'kulankhula motsitsa mawu zimene Odete sanamve. Atadzuka anatenga khasu n'kulambula pamandapo mpaka panayera. Atamaliza anayang'ana timitumbira ta m'mbalimo, ta ana a anthu amene mwina sadzabwerako, ndipo anapitiriza kulambula. Odete ankazula udzu ndi manja pambuyo pake, Lina akututa n'kukataya kutchire. Anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako anakhala pansi pa mkuyu uja n'kudya mbatata zawo.